Kunja ndi Tsidya la Msewu

Amayi anauza mpingo wonse kwathu ku Angoniya
kuti Felizarda wapita kukaphunzira kunja.
Sananame.
Pa chipata anandidindira pasipoti,
mnyamata wa jekete lofiira anandisinthira mametikali,
ndipo wakabaza asanatuluke n'thukuta lomwe
ndinali nditafika kunjako, pa boma la Dedza.
Phiri ndi lomwe lija ndinkaliona ndikupalira nyemba,
kungoti kuno landitembenukira nkhope.

Milungu inayi, anatero a Kachigamba tsiku loyamba,
akugogoda tebulo ndi choko.
Mudzatuluka muno aphunzitsi a Chingerezi,
apo ayi mudzatuluka ndi chimfine chokha.
Tinaseka anthu khumi ndi awiri
mu holo ya tchalitchi ya mawindo awiri osweka,
mphepo ya Juni ikulowa osalipira fizi.

M'kamwa mwanga muli alendi atatu.
Chichewa cha amayi chimagona kuchipinda,
Chipwitikizi cha kusukulu chinalanda pabalaza,
Chingerezi ndinachitola pa wailesi ndi pamsika,
chimagona pakhonde, nsapato chili chivalire.
Tsopano akuti chimenecho ndicho chikhale mwini nyumba.

Ikani lilime pakati pa mano, muuzire.
Ndimayeserera pa kagalasi kosweka ka a Nangozo,
amene ndikuchita lendi kuseri kwawo,
iwo n'kumafunsa ngati dzino likundiwawa.

Masana amatibweretsera ophunzira enieni:
mayi wogulitsa kachewere pa siteji,
anyamata awiri olota za ku Joni,
namwino, ndi a Chidzanja, mlonda wa kumatabwa,
amene amakhala kutsogolo chipewa chili pabondo.
Kumbuyo a Kachigamba ndi wotchi ndi kope.
Cholembera chawo chikayenda
msana wanga umamva.

Mumalankhula kwambiri, mayi.
Mwa mphindi makumi anayi mwadya makumi atatu nokha.
Funsani, kenako tsekani pakamwa.
Ine amene ndagulitsa nkhumba ziwiri kuti ndiphunzire kulankhula,
akundiphunzitsa kukhala chete.

Usiku magetsi akathima ndimadula zithunzi pa kalendala yakale,
basi, lalanje, munthu wokwera njinga,
zala zitauma ngati nkhuni.
Pakona ya bedi, pafupi ndi zenera,
foni imagwira netiweki ya kwathu
n'kundilonjera m'Chipwitikizi ngati ndabwerera.
Pamenepo ndi pomwe ndimamvera kuti Zefa akutsokomolabe,
kuti wafunsa ngati kunja kumagwa mvula.
Mawa ndikuphunzitsa za zinthu zimene zinayamba kale
koma sizinathe mpaka lero.
Buku lili ndi dzina lake la nthawi imeneyi.
Ine ndili nalo langa.

Mlungu wachitatu, Lachinayi, zinandithawa.
Ndinafuna liwu la zenera,
mlendi wa pabalaza n'kuyankha msangamsanga.
Anyamata a ku Joni anagwa nako kuseka,
wina anati, aphunzitsi adutsa malire opanda pasipoti.
Ndinafufuta bolodi loyera kale.
Ndinalifufutanso.

Kenako ndinakweza chithunzi cha njinga chija,
ndinafunsa a Chidzanja, n'kutseka pakamwa.
Ndinawerenga chamumtima.
Pa zisanu lole inadutsa pamsewu, mawindo ananjenjemera.
Pa zisanu ndi zitatu lilime linandiyabwa kuti ndiwathandize,
ndinaliluma, pakati pa mano pomwe paja.
Pa khumi ndi ziwiri anapinda chipewa,
natulutsa mawu asanu ndi awiri a Chingerezi,
limodzilimodzi, ngati akutsitsa matabwa:
akhala akupalasa njinga kuyambira ali mnyamata.
Anayang'ana uku ndi uku kufuna amene wanena.

Kumbuyo cholembera sichinayende.
Sindikudziwa ngati n'zabwino.

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi,
maphunziro awiri oti andionerere, chimangirizo chimodzi,
sopo watha, ndipo a Nangozo ayamba kundilonjera m'Chingerezi
kuti nawonso apindule ndi lendi.
M'mawa uno nkhungu yaphimba phiri lonse.
Kwathu nakonso sakuliona.